Mike Bruton, katswiri wa moyo wa nsomba

Pulofesa Mike Bruton anabadwa mu 1946 ku East London, mzinda umene asodzi ake anagwira nsomba ya coelacanth mu 1938, pomwe akatswiri ankaiyesa kuti inatha kalekale.

Mbiri yake inayambira pa nyanja ya Sibaya ku KwaZulu-Natal, kufupi ndi malire a Mozambique, kumene anafufuza mlamba m'zaka za m'ma 1970. Zimene anasindikiza mu 1979 zinaonetsa kuti milamba imaswana usiku m'madzi osaya mvula ikagwa, ndiponso kuti nthawi zina imasaka pagulu, n'kumakusira tinsomba ta mtundu wa chambo kugombe. Popeza mlamba umawetedwa m'maiwe ku Malawi, Zambia ndi mayiko ena, ofufuza za ulimi wa nsomba akhala akutchula ntchitoyi kawirikawiri.

Mu 1982 analowa m'malo mwa Margaret Smith monga mkulu wa J.L.B. Smith Institute of Ichthyology ku Grahamstown, komwe tsopano ndi Makhanda. Kumeneko anaphunzitsa ofufuza ambiri, ndipo analimbikira zoteteza coelacanth ku zilumba za Comoros.

Atasamukira ku Cape Town m'ma 1990, anagwira ntchito ku Two Oceans Aquarium, kenako anatsogolera MTN ScienCentre, malo ophunzitsira ana sayansi, omwe anatsegulidwa mu 2000. Buku la mbiri ya moyo wake, When I Was a Fish, linatuluka mu 2015.