Chigamba

Chigamba ndi kansalu kamene telala amasokerera pong'ambika. Akatswiri a kompyuta nawonso amaika zigamba, koma zawo ndi timizere ta pulogalamu totseka mpata umene mbava zingalowerepo. Mafoni a Android amene timagula pa Nchalo kapena ku Bangula amayendera kernel ya Linux, phata lolamulira memore, kamera ndi netiweki, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991. Mu 2016 m'phatamo munapezeka bowo lotchedwa Dirty COW, lomwe linabisala zaka pafupifupi 9, ndipo kapulogalamu wamba kankatha kulanda ulamuliro wa foni yonse. Chigamba chinatuluka msanga, koma mafoni akale ambiri sanachilandire. Zigamba zotere zimabwera ndi update, choncho foni ikapempha update, makamaka yosungira ndalama za Mpamba kapena Airtel Money, musaumire bandulo, iloleni.