Msonkho wa Nyumba, Njanji ndi Sukulu

Mamembala a Bungwe lathu: pa nkhani zonse zimene zikambidwa m'misonkhano palibe imene ibwerabwera monga iyi, yakuti kodi ndalama za Boma ziyambe kuthandiza makampani, kapena sukulu, zipatala ndi amphawi. Ena ayesa kuti mkanganowu ngwatsopano, koma unayamba kale, pamene makolo athu anali kupereka msonkho wa nyumba.

Ansembe a Montfort anafika pa Nzama mu July 1901, kwa Mfumu Njobvuyalema, patapita zaka zisanu chiphedwere Inkosi Gomani woyamba mu 1896. M'masiku amenewo maphunziro a eni dziko anali m'manja mwa amishoni okha. Boma la ku Zomba linayamba kuponyapo dzanja mu 1907, ndipo linapereka £1,000 yokha pa chaka kuti mamishoni agawane. Ofesi ya Maphunziro inadzatsegulidwa mu 1926.

Kwa amalonda dzanja lomwelo linali lotambasuka. Kuyambira 1902 kufikira 1921, munthu wogwira ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu anali kulipira theka la msonkho, pamene wolima munda wake anali kulipira wonse. Motero Boma linadzimana ndalama kuti eni minda ya ku mapiri a Shire apeze antchito otsika mtengo, ndipo Angoni ambiri a kuno ku Ntcheu anatsikira kumeneko. Kampani imene inamanga njanji yofika ku Blantyre mu 1908 inalonjezedwa malo aakulu ngati mphotho yake.

Katundu wolemera koposa anadza ndi njanji ya Trans-Zambezia, yolumikiza doko la Beira ndi mtsinje wa Zambezi, imene inatsegulidwa mu 1922. Njanjiyo inali yonse m'dziko la Apwitikizi, komabe Boma la Nyasaland ndilo linavomera kulipira chiwongoladzanja cha ngongole yake ngati kampani ilephera, ndipo linalipiradi zaka zambiri. Mu 1935 unatha mlatho waukulu wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Dona Ana, ndipo chaka chomwecho sitima inafika ku Salima kudzera ku Balaka ndi chigwa cha Bwanje, m'boma lathu lino. Ngongole inakula, ndipo za sukulu ndi zipatala zinakhala zotsalira.

Tisaiwale kuti ovomereza njanji anali nawo mawu omveka. Madzi a Shire anali kuphwa, kotero kuti sitima za pamadzi zinali kulephera kukwera. Popanda njira yopita kunyanja yaikulu, tiyi, fodya ndi thonje sizikadagulitsidwa, ndipo Boma likadasowa chuma. Koma walira mvula walira matope. Mtengo wonyamulira katundu unali wokwera, ndipo anyamata ambiri, pofuna ndalama za msonkho, anapitabe ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya ku Joni.

Amene anayamba kufunsa poyera anali mabungwe onga lathuli. Loyamba linali North Nyasa Native Association la mu 1912. Pambuyo pake panadza la Mombera mu 1920 ndi la Chigawo cha Pakati mu 1927. Atsogoleri monga Bambo Levi Mumba analembera Bwanamkubwa mwaulemu koma mosabisa, kupempha sukulu za Boma, zipatala ndi misewu, poti opereka msonkho sanali kuona phindu la ndalama zawo. Yankho la kawirikawiri linali lakuti ndalama palibe. Zinthu zinayamba kusintha pamene Nyumba ya Malamulo ya ku London inavomereza lamulo la chitukuko ndi umoyo wa anthu a m'maiko olamulidwa mu 1940. Komabe sekondale yoyamba ya Boma inatsegulidwa ku Dedza mu 1951, patapita zaka makumi asanu chiyambire mishoni ya Nzama.

Ufulu wa mu 1964 sunathetse mkanganowu. Bungwe la ADMARC, lokhazikitsidwa mu 1971, linagula mbewu za alimi aang'ono pa mitengo yotsika, ndipo phindu lambiri linapita ku minda yaikulu ya fodya ndi ku makampani. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, pamene makuponi a feteleza anadza mu 2005, ndi pamene Boma linayamba kupereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa ku Mchinji mu 2006, ena anati zimenezi zidzatha chuma cha dziko ndi kuphunzitsa anthu ulesi.

Phunziro la mbiriyi ndi ili: thandizo lopita kwa kampani latchedwa chitukuko, lopita kwa mmphawi latchedwa mtolo, chikhalirecho zonse zichokera m'thumba limodzi la wopereka msonkho. Sitikana kuti malonda afunika, pakuti dziko lopanda malonda silingamange chipatala. Koma mwana wodziwa kuwerenga ndi mayi wochira nawonso ndi chuma cha dziko. Chifukwa chake tipempha mamembala kuti, pomva za thandizo lililonse la Boma, afunse mafunso atatu: alipira ndani, apindula ndani, ndipo ngongole ikatsala adzaisenza ndani?