Ulendo wa ku Mbwani

Anthu a ku Nselema, m'boma la Machinga, amadziŵa kuti nyanja ya Chiuta siili kutali chakuvuma kwawo. Madzi a m'nyanja imeneyi amatsikira m'nyanja ya Amaramba ku Mozambique, ndipo kumeneko ndiko kumayambira mtsinje wa Lujenda, umene umakathira mu Rovuma, Rovumayo nakathira m'nyanja yaikulu yamchere. Chigwa chimenechi chidali msewu waukulu wa Ayao kusanabwere galimoto kapena sitima ya pamtunda. Eni ake ankati akupita "ku Mbwani", kutanthauza kugombe la nyanja yamchereyo, ku madooko onga Kilwa, Lindi ndi Mikindani. Ena ankaloŵera kummwera, ku Quelimane.

Sudali ulendo woti munthu n'kungodzuka m'maŵa ndi kunyamuka. David Livingstone adachoka ku Mikindani mu April 1866, ndipo adafika m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi mu August. Imeneyo ndi miyezi 4, kubwera kokha. Motero bambo wopita ku Mbwani ankasiya mbewu zikukololedwa, nadzabwerako nthaŵi zina dzinja lina litapita.

Chiyambi cha maulendoŵa chidali chamtendere. Mbusa Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao la mu 1919, adalemba kuti oyamba kuyenda malonda adali Achisi, amene adali akatswiri osula zitsulo. Ankayenda ndi makasu mudzi ndi mudzi, mpaka ena adatulukira kunyanja yamchere. Pambuyo pake anthu ankanyamula fodya, zikopa ndi minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi mchere, mikanda ndi nsalu.

Ulendo udali wa mfumu. Iyo ndiyo inkasankha mtsogoleri, ndipo anthu asananyamuke inkathira nsembe ya ufa kwa mizimu ya makolo. Ufawo ukaima bwino ngati kachulu, njira idali yoyera; ukagumuka, mitolo inkamasulidwa ndipo anthu ankadikira tsiku lina. Otsala kumudzi nawonso adali ndi mbali yawo. Mkazi amene mwamuna wake adali paulendo ankayenera kudzisunga, pakuti anthu ankakhulupirira kuti kulakwa kwa kumudzi kungagwetsere tsoka munthu amene ali m'thengo kutali. Ndipo mnyamata amene adaona nyanja yamchere ndi maso ake ankamvedwa akamalankhula pabwalo, pamene wosayenda ankangoti chete.

Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1800. Minda ya zonunkhira ya ku Zanzibar ndi Pemba, ndiponso minda ya nzimbe ya Afalansa pazilumba za m'nyanja ya India, inkafuna antchito ambirimbiri, ndipo ogula a kugombe adayamba kufunsa anthu pamodzi ndi minyanga. M'nyengo yomweyo Ayao Amachinga, atavutitsidwa ndi nkhondo ndi njala kwawo, adasamukira kudera lino. Kawinga adakhazikika paphiri la Chikala, Liwonde m'mbali mwa Shire, Mponda pamene Shire amatulukira m'nyanja.

Apa mpamene pali phata la nkhani. Chuma cha mfumu masiku amenewo sichidali malo, pakuti malo adali ochuluka, chidali anthu. Mfumu yotumiza ulendo inkalandira nsalu, mfuti zagogodera ndi onga. Ndi nsalu inkakopa anthu kuti adzakhale m'mudzi mwake. Ndi mfuti inkathira nkhondo midzi ya Amang'anja ndi ya Ayao anzake omwe. Mwa ogwidwawo, akazi ambiri ankasungidwa kuti mudzi ukule, amuna n'kuikidwa m'magoli kupita kugombe kukagulira onga wina. Mfumu yokana malondaŵa inkakhala yopanda mfuti pakati pa anzake okhala nazo, ndipo maŵa lake ndi anthu ake amene ankamangidwa. Ichi sichichotsa mlandu pa amene adagulitsa anzawo, koma chikusonyeza chifukwa chake malondaŵa adali ovuta kuwaleka. M'zaka za m'ma 1860, pa dooko la Kilwa pokha pankadutsa akapolo pafupifupi 20,000 pachaka, ambiri a iwo ochokera kumadera ozungulira nyanja ya Malaŵi. Amene adafera m'njira palibe adawaŵerenga. Livingstone, paulendo wake uja wa 1866, adapeza mitembo ya anthu omangiriridwa kumitengo ndi magoli otayidwa m'mbali mwa njira.

Komabe njira yomweyo ndiyo idabweretsa zambiri zimene lero anthu amaziyesa zakwawo. Mataka adabzala mango pamudzi pake nautcha Mwembe, dzina la mtengo wa mango m'Chiswahili, pofuna kuti pafanane ndi kugombe. Kudabwera nyumba zangodya, mikanjo, ndi alembi odziŵa zilembo za Chiarabu amene ankalembera mafumu makalata. Chisilamu nachonso chidadzera momwemo; Makanjira adachilandira cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena adatsatira.

Msika wa akapolo wa ku Zanzibar udatsekedwa mu 1873, koma maulendo sadathe msanga. Harry Johnston atayamba kulamulira dziko lino mu 1891, adalimbana ndi mafumu a Chiyao zaka zingapo, ndipo poyamba sizidamuyendere: Kapitao Maguire adaphedwa ndi ankhondo a Makanjira mu December chaka chomwecho. Mu 1895 Chikala adagwa, Kawinga nathaŵira kudziko la Apwitikizi. Jalasi wa paphiri la Mangochi adagonjetsedwa chaka chomwecho, ndipo Angerezi adamanga linga pamudzi pake.

Amuna ozoloŵera kuyenda sadakhale pansi. Ambiri adalembetsa usilikali wa Angerezi omwewo, ena adatenga mtengatenga, ena adaloŵera ku Halale ndi ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho. Katundu wa dera lino adadzayambanso kupita kuvuma mu 1970, pamene njanji yochokera ku Nkaya, yodzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi, idalumikizidwa ndi ya ku dooko la Nacala.