Mabuku a pa Unyolo ku Oxford

Mlendo wokonda mabuku akafika ku Oxford, m'dziko la Mangalande, nakwera makwerero a pamwamba pa Divinity School, amalowa m'chipinda cha mdima pang'ono, chonunkhira matabwa akale ndi zikopa, chimene eni ake amachitcha Duke Humfrey's Library. Ndipo ngakhale laibulale ya Bodleian, imene mtima wake ndi chipinda chimenechi, isunga lero mabuku oposa mamiliyoni 13, mbiri yake idayamba ndi chipasuko.

Humfrey, mng'ono wake wa Mfumu Henry V, adapatsa sukulu ya ukachenjede ya Oxford mabuku 281 olembedwa pamanja, ndipo chipinda chowasungiramo chidatsegulidwa mu 1488. Koma m'chaka cha 1550, pa ufumu wa Edward VI, pamene mkangano wa chipembedzo udali pa ukali wake, nthumwi za mfumu zidadza kudzachotsa chilichonse chonunkha Chiroma: mabuku ena adatenthedwa, ena adagulitsidwa kwa amisiri ofuna zikopa zake, kufikira kuti mu 1556 ngakhale madesiki omwe adagulitsidwa, chipinda nkutsala mbee.

Amene adautsa bwinja limeneli ndi Thomas Bodley, kazembe wa Mfumukazi Elizabeth I, amene atatopa ndi mabwalo a mafumu adalembera akuluakulu a sukuluyo mu 1598 kuti adzakonza chipindacho ndi chuma chake (chuma chimene gawo lake lidadza ndi mkazi wamasiye amene iye adakwatira, amene mwamuna wake woyamba adalemera ndi malonda a nsomba). Makomo adatsegulidwa pa 8 Novembala 1602, ndipo mu 1610 Bodley adapangana ndi Stationers' Company, bungwe la osindikiza ndi ogulitsa mabuku la ku London, kuti buku lililonse lolembetsedwa kumeneko, limodzi lizibwera ku Oxford kwaulere.

Munthu ameneyu adaona ndi maso ake chipinda chopanda kanthu, ndipo malamulo ake onse ali ndi fungo la mantha amenewo. Mabuku aakulu adamangidwa ndi unyolo wachitsulo wokhomedwa pa chikuto, naimikidwa msana uli kukhoma, masamba ali kunja, kotero kuti wowerenga ankasolola buku naliika pa desiki la pompo, unyolo ukulira ngwerengwere, osatha kusuntha nalo ngakhale mapazi atatu. Maunyolowo adayamba kuchotsedwa mu 1757. Aliyense wofuna kuwerenga ankalumbira, monga alumbirabe lero, kuti sadzatulutsa buku kapena kuliwononga, ndi kuti sadzakoleza moto m'nyumbamo. Nchifukwa chake anthu ophunzira adazizidwa m'menemo nyengo zachisanu kufikira 1845, pamene mudaikidwa zotenthetsa, nakhala akuthamangitsidwa ndi kulowa kwa dzuwa kufikira 1929, pamene mudalowa magetsi. Kubwereketsa kudaletsedwa kwa onse, wamkulu ndi wamng'ono yemwe. Mu 1645 Mfumu Charles I, ali mumzinda womwewo pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni, adatuma munthu kukabwereka buku, koma wosunga mabuku, John Rouse, adapita yekha kukaonetsa mfumuyo lamulo la Bodley, ndipo mfumu idagonja. Oliver Cromwell, amene adalamulira dziko pambuyo pa mfumuyo, nayenso adakanizidwa mu 1654. Chalaka bakha nkhuku singatole. Ena adzati uku nkuumira, ndipo sindiwatsutsa, pakuti buku losatuluka pakhomo silifika kwa wosauka wa kutali; koma ndiyesa kuti popanda kuumira kumeneku bwenzi mlendo wa lero akuonetsedwa denga lokha.

Choseketsa nchakuti chimene mbala ndi mafumu adachilephera, eni nyumba adachichita okha. Bodley ankanyoza mabuku a masewero, nawayesa zinyalala zosayenera nyumba ya ophunzira, ngakhale iye yemweyo adasonkhanitsa mabuku a Chitchaina amene panalibe mmodzi ku Oxford wotha kuwawerenga kufikira Mtchaina wina, Shen Fuzong, atafika mu 1687. Komabe pangano la 1610 lidabweretsa buku lalikulu la masewero a Shakespeare losindikizidwa mu 1623, ndipo lidamangidwa pa unyolo monga anzake. Koma litatuluka lina latsopano m'zaka za m'ma 1660, osunga mabuku adayesa loyambalo lachabe, nalichotsa. Lidasowa zaka zoposa 200, kufikira mu 1905 pamene mnyamata wina wa banja la Turbutt adabwera nalo kudzafunsa za chikuto chake, ndipo akatswiri adalizindikira ndi kasokedwe ka chikutocho ndi bala limene unyolo udasiya. Atafufuza masamba ake, adapeza kuti othaitha koposa onse, chifukwa cha zala za ophunzira akale aja, adali a sewero la Romeo and Juliet. Laibulale idachita kupemphetsa ndalama kwa anthu, ndipo mu 1906 idaombola buku lake lomwe pa mtengo wa mapaundi 3,000.