Za Anyamata a ku Valdocco

Ku dziko la Italy kuli mudzi waukuru dzina lace Turin. M'zaka za m'ma 1840 anyamata ambiri anali kutsika ku mapiri kudzafuna nchito m'mudzimo, ena kusenza njerwa, ena kupala mwaye m'nyumba za olemera, nagona pali ponse pamene kwawadera. Wansembe wina, Giovanni Bosco, amene analandira unsembe caka ca 1841, anapeza ambiri a iwo m'ndende, nazindikira kuti cinawagwetsa ndi kusowa bwenzi.

Pa 8 December 1841 anayamba kuphunzitsa katekisimu mnyamata mmodzi, Bartolomeo Garelli. Gulu linakula, ndipo anthu anawapitikitsa uku ndi uku cifukwa ca phokoso lao, kufikira April 1846, pamene anapeza cisakasa ku Valdocco. Caka comweco amace a Bosco, Margherita, anasiya kwao nadza kudzawaphikira ndi kuwasokera zigamba.

Ambiri pofotokoza mbiri iyi atama Bosco yekha. Koma taganizani, abale: kodi munthu mmodzi angawete bwanji anyamata mazana, ena osadziwa ngakhale kucita cizindikiro ca mtanda? Cimene iye anacita ndi kuwaphunzitsa kuwetana okha okha. M'caka ca 1847 anakhazika bungwe la Aloysius Woyera, m'mene anyamata anapangana kupemphera pamodzi ndi kuonetsana citsanzo. Zipatso zace zinaoneka mu 1854, pamene nthenda ya kolera inagwa m'Turin. Anthu ena anathawa abale ao odwala, koma anyamata oposa 40 anadzipereka kuwasamala. Ndipo panalibe mmodzi wa iwo amene anafa nayo.

Caka comweco anafika Domenico Savio, mwana wa wosula zitsulo, wa zaka 12. Iyeyu mu June 1856 anasonkhanitsa anzace, napanga bungwe la Maria Wosadetsedwa. Mwambo wao unali wotere: yense anasankha mnyamata mmodzi, kapena mlendo wolira kwao, kapena wandeu amene ena anali kumpewa, nasewera naye, namcenjeza mofatsa, nampititsa kukalapa. Sanali akazitape a aphunzitsi ai. Pakuti kazitape aopedwa, ndipo woopedwa sauzidwa za mumtima. Savio anamwalira pa 9 March 1857 asanakwane zaka 15, ndipo Eklezia anamchula woyera mu 1954. Pamene cipani ca Asalesiani cinayambika pa 18 December 1859, ambiri a oyambawo anali a m'bungwe lija, pamodzi ndi Michele Rua, amene analowa m'malo mwa Bosco pambuyo pace.

Koma mzimu wotere sukhala wokha. Nyumba itakula, ndi masukulu ndi mosokera nsapato ndi mosindikizira mabuku, akuru anayamba kuimirira patali. Mu May 1884 Bosco, ali wokalamba, anatumiza kalata kucokera ku Roma, nadandaula kuti aphunzitsi salowanso m'masewera a ana, ndi kuti malamulo ayamba kulowa m'malo mwa cikondi. Anawakumbutsa kuti mwana ayenera kuona ndi maso ace kuti akondedwa, ndi kuti akasowa kukhulupirira akuru ace pabwalo, adzabisanso mtima wace polapa. Bosco anamwalira pa 31 January 1888, zisanathe zaka 4 cilembere kalatayo.