Banjo ya agogo a Keyala

Anzanga amene tinali limodzi m'zaka za m'ma 1960, kodi mukuwakumbukira agogo aja ankalonda pasukulu pathu? Madzulo ankakhala pansi pa mtengo wa mango, maso ali kunyanja, nkumaimba banjo. Ife tinkawaseka chifukwa nyimbo zawo zinkasakaniza Chinyanja ndi Chiswahili. Sitinadziwe kuti nyimbozo zinachokera kunkhondo.

Agogowo anali msilikali wa King's African Rifles, gulu limene makolo athu ankalitcha Keyala. M'chaka cha 1944 asilikali a ku Nyasaland, pamodzi ndi a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika, anamenyana ndi Ajapani ku Burma ali m'gulu la 11th East African Division. Anadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili pakati, m'matope, malungo akuwagwetsa.

Akuluakulu a nkhondo ankadziwa kuti msilikali wopukwa kwawo amafooka. Chaka chomwecho woimba wotchuka Vera Lynn anafika ku Burma kudzasangalatsa asilikali Achingerezi. Asilikali akuda nawo anali ndi gulu lawo la zisangalalo lotsogozedwa ndi Peter Colmore. Mmodzi mwa oimba ake anali Fundi Konde wa ku Kenya, katswiri wa gitala.

Tsiku lina ndili pachibalo chosesa pabwalo, agogowo anandiuza kuti oimba oterewa atafika pamsasa wawo, amuna akuluakulu anagwetsa misozi, ndipo usiku umenewo aliyense anafuna womulembera kalata yopita kumudzi. Kuimba anakuphunzirira komweko.

Nkhondo itatha mu 1945, asilikali obwerera anathandiza kufalitsa banjo ndi gitala m'dziko muno. Ngakhale beni amene timamuona kuno kunyanja ku Salima, dzina lake ndi magubidwe ake n'zochokera ku bandi ya asilikali, ndipo anafala pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918.

Chimene chimandiwawa n'chakuti tinkaloweza mayina a mafumu a ku Ulaya pamene mboni ya mbiri inali pageti pathu, ndipo palibe analembako kanthu. Agogowo anamwalira kalekale, banjo yawo sindidziwa kumene inathera. Ngati alipo wina amene akukumbukira nyimbo yawo ngakhale imodzi, chonde alembere mlembi wa bungwe lathu, ifenso tisanapite nazo kumanda.