Mzinda wa Matope ndi Alembi Ake a Chingelezi

Kuala Lumpur idayamba ngati msasa wa okumba migodi. Mu 1857 gulu la Matchaina lidakwera ndi mtsinje wa Klang kukasaka miyala ya tini, ndipo pamatope pomwe Klang amakumana ndi Gombak padamera zisakasa ndi timisika. Pofika 1896 atsamunda a ku Britain adali atasandutsa malowo likulu. Iwo adabweretsanso Amwenye ochuluka, makamaka Atamil, kudzagwira ntchito m'minda ya labala ndi panjanji, pamene Amalay ambiri adatsala kumidzi akulima mpunga ndi kusodza.

Mitundu yonseyi inkakumana m'tauni, makamaka m'sukulu zophunzitsa m'Chingelezi. Alembi a nthano zazitali za Chingelezi a ku Malaysia adatuluka m'makalasi amenewo, ndipo funso lomwe lawasautsa mpaka lero ndi limodzi: kodi tauni ingamuiwalitse munthu mtundu wake?

Lloyd Fernando, yemwe adabadwira ku Ceylon mu 1926 nadzaphunzitsa pa University of Malaya, adayankha mosapsatira. Buku lake la 1976, Scorpion Orchid, limatsata anyamata anayi a payunivesite ku Singapore wa m'zaka za m'ma 1950, mzindawo usadapatukane ndi Malaysia: Sabran Mmalay, Guan Kheng Mtchaina, Santinathan Mmwenye ndi Peter wamagazi osakanizika. Amadyera limodzi, amaseka limodzi. Zipolowe zitabuka m'misewu, ubwenzi uja udang'aluka, aliyense nayamba kuyang'ana kwao.

Fernando ankalemba za m'ma 1950, koma owerenga ankadziwa tsiku lomwe linali m'mutu mwake. Pa 13 Meyi 1969, chisankho chitangotha, Amalay ndi Matchaina adaphana m'misewu ya Kuala Lumpur. Boma lidati adafa ndi anthu 196, ngakhale ambiri amakhulupirira kuti adaposa pamenepo. Mu 1971 kudabwera ndondomeko ya chuma yokweza Amalay, komanso ya chikhalidwe yomwe idaika mwambo wa Chimalay patsogolo. Mabuku a fuko adakhala olembedwa m'Chimalay basi, ndipo a Chingelezi adakankhidwira kumbali. Mlembi wobadwira m'tauni adadzuka ali mlendo kwao komwe.

Ena adanyamuka. Shirley Geok-lin Lim wa ku Malacca adapita ku America mu 1969, ndipo padatenga zaka zoposa 30 kuti usiku wa pa 13 Meyi autulutse m'nthano. Mu Joss and Gold, la 2001, Li An ndi mphunzitsi wa Chingelezi ku Kuala Lumpur amene amafuna kutchedwa Mmalaysia, osati Mtchaina. Usiku wa zipolowe, anthu ataletsedwa kutuluka m'nyumba, adatenga pathupi pa mnyamata wa ku America. Mwanayo adakakulira ku Singapore. Wolemba sadachite kulalikira: mwana wa mitundu iwiri adasowa malo mumzinda womwe adalengedwera.

K.S. Maniam sadachoke. Mu The Return, la 1981, Ravi amakulira pakati pa Atamil osauka ku Bedong m'dera la Kedah, ndipo Chingelezi chimamukweza n'kumulekanitsa ndi bambo ake. Apa tauni ndi makwerero, koma wokwerayo amafika pamwamba ali yekha.

M'badwo wotsatira udasintha nkhani. Nsanja ziwiri za Petronas zitaima kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, funso la mtundu lidapeza mnzake, funso la ndalama. Preeta Samarasan, mu Evening Is the Whole Day la 2008, amatilowetsa m'nyumba yaikulu ya loya wa Chimwenye ku Ipoh, momwe mtsikana wantchito Chellam amazunzidwa ndi anthu a mtundu wake omwe. Tash Aw, wokulira ku Kuala Lumpur, adatumiza Amalaysia asanu kukasaka chuma ku Shanghai mu Five Star Billionaire, la 2013, ndipo kumeneko mmodzi wa iwo amayendera chiphaso cha mwini. Mu We, the Survivors, la 2019, wonyozeka salinso Mtchaina kapena Mtamil ayi, koma waganyu wochokera ku Bangladesh, amene mzinda umamugwiritsa ntchito osafuna kudziwa dzina lake. Bukuli ndi lowawa kuposa onse, chifukwa waganyuyo amaphedwa ndi mmphawi mnzake.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mabuku otchukawa amasindikizidwa ku London ndi New York. Kwao, kampani ya Amir Muhammad yotchedwa Fixi Novo idayamba mu 2013 kutulutsa KL Noir, nthano zazifupi za umbanda mumzindawo, zolembera owerenga a konko.

Komabe chaka cha 1969 sichidachoke. Mu 2019, patatha zaka 50, Hanna Alkaf adatulutsa The Weight of Our Sky, nthano ya mtsikana wa Chimalay, Melati, wosakasaka mayi ake mkati mwa zipolowe zija. Adalilembera achinyamata, ndipo banja lomwe lidabisa Melati m'nyumba mwake ndi la Matchaina.